Muziiliza Mpaka Ndibwere

6 Januwale

Mwana wanga Sipanala,

Ndikhulupirira uli bwino kunjako ndi ntchito yako yophwanya magalimoto a eni. Kuno tilipo. Mlongo wako Chitsiriza ali bwino, alamu ako nawonso, kungoti onse awiri asanduka madokotala anga opanda satifiketi. Ndikatsokomola kamodzi amayang'anana ngati ndanena mawu otsiriza.

Usadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi. Mabolopeni a masiku ano ndi oterera, ukafuna kulemba pang'ono amathawa okha.

Galimoto yathu Njati ili moyo. Tsiku lija tikukuperekeza unandiuza kuti, "Bambo, galimoto imafa ikangokhala, muziiliza m'mawa uliwonse mpaka ndibwere." Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi, sindinaphonyepo. Sikisi koloko imandipeza pa chiwongolero, ndimailiza mpaka injini itenthe bwinobwino, mphindi makumi awiri, nthawi zina makumi atatu. Imalira kamodzin'kamodzi, kupatula kukazizira, pamene imafuna kuinyengerera.

Vuto linali amayi ochapa zovala a kuseri kwa mpanda. Anabwera ndi nsalu yoyala pabedi ya kasitomala wawo, yoyera, ili madontho akuda okhaokha, akuti ndi utsi wa Njati. Sindinakangane nawo, munthu akudya thukuta lake. Ndapeza nzeru. Tsopano ndimatseka chitseko cha galaja n'kutsekera masaka kunsi kwake. Utsi sutulukanso ndipo mtendere wabwerera.

Undiuze kuti ubwera liti. Usandiimbire foni, mawu a pa foni sasungika. Lemba.

Monga mwa nthawi zonse, nambala ya makilomita: 412,306.

Ndine bambo ako.

20 Januwale

Achimwene,

Muli bwanji? Ine ndili bwino pang'ono. Ndikukulemberani ndili kuntchito, kuseri kwa mashelufu a mankhwala, chifukwa kunyumba Bambo amamva ngakhale pepala likamapindidwa.

Ndingolunjika. Ndikufuna Njati ichoke pakhomo, ndipo popanda mawu anu Bambo salola. Pali malo ena kuno amene amalandira galimoto yakale n'kukuthandiza kupeza yatsopano, ting'onoting'ono tija toyendera batire ndi petulo pang'ono. Alamu anu anakaona kagalimoto kamodzi kotero. Sikatulutsa utsi woti munthu n'kuuona, ndipo ine ndingamakayendetse, kupita kuntchito ndi kumawatengera Bambo kuchipatala.

Bambo sali bwino ngati mmene amalembera. Amatsokomola kuyambira m'mawa mpaka masana. Akatuluka m'galaja amagwira khoma, maso ali psu, akuti mutu ukuwawa chifukwa cha tiyi wanga wosathira shuga wokwanira. Amadzitsekera mmenemo injini ikulira, achimwene. Inu mukudziwa bwino kuposa ine chimene utsi umachita m'chipinda chotseka. Ine ndimanyamuka hafu pasiti faifi kuti ndipeze basi, alamu anu amakhala atapita kale kophika buledi, ndiye nthawi imeneyo pakhomo pamakhala iwo okha ndi galimoto yawo. Kiyi anaimangirira pa chingwe, imagona m'khosi mwawo.

Ndayesa kuwachonderera, ndayesa kukalipa. Yankho ndi limodzi: "Mwini wake anati mpaka abwere."

Pali zinanso zimene anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, ndipo ndikusunga pakamwa panga movutikira. Ingondikhulupirirani. Alembereni muwauze kuti mwawamasula.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza.

17 Febuluwale

Chitsiriza,

Kalata yako ndailandira. Ndili bwino, koma itandipeza sindinagone bwino masiku awiri, osati ndi chisoni koma ndi mkwiyo.

Ukudziwa chimene ndimachita kuno tsiku ndi tsiku? Ndikuuze. Pamalo pathu pamabwera magalimoto makumi anayi, nthawi zina kuposa. Ine ndimakhetsa oyilo, kuchotsa batire ndi matayala, kenako mnzanga amainyamula galimotoyo ndi makina n'kukaiika m'chimakina chophwanya. Mphindi ziwiri, galimoto yasanduka ngati sutikesi. Theka la magalimoto amenewa amabwera akuyenda okha. Sabata yatha nkhalamba inayake yovala jekete labwino inabweretsa galimoto yake, mipando yosang'ambika, injini ikulira ngati mphaka wokhuta. M'kabokosi ka kutsogolo munali maswiti ndi magalasi a mkazi wake. Anaisiya chifukwa anamuuza kuti akagula yatsopano athandiza dziko kupuma bwino.

Koma palibe amene amafunsa kuti yatsopanoyo imachokera kuti. Siimera m'munda ngati dzungu. Amakumba phiri kuti apeze chitsulo, amachisungunula pa moto umene suzima usana ndi usiku, amakumbanso kwina kufuna miyala ya batire, kenako sitima imawoloka nayo nyanja ikufuka. Kagalimoto kako kokongolako kakamafika pakhomo kamakhala katatulutsa kale utsi wa zaka, kungoti unatulukira kwa anthu ena amene iwe sudzawaona. Njati utsi wa kupangidwa kwake inamaliza kalekale, iwe usanabadwe. Galimoto yoti ikuyenda, ikunyamula matabwa ndi simenti za anthu, kuitaya ndi kuwononga, ngakhale atakuuza mokoma bwanji.

Ndiye usandinamize ndi chifuwa cha Bambo. Bambo akhala akutsokomola kuyambira ine ndili pa sukulu. Nena zoona, alamu anga atopa kukwera basi ndipo akufuna kuoneka. Si tchimo, koma asakwerere pa msana wa Njati. Galimoto imeneyo ndi imene inatilipirira sukulu tonse awiri, ndi imene inanyamula Amayi ulendo wawo womaliza. Ine ndinaphunzira dzina la sipanala iliyonse nditagona pansi pake.

Zotseka chitseko ndiye zolakwika, pamenepo ndikuvomera. Kalata ya Bambo ndinaiwerenga mothamanga m'basi, sindinaziike kumutu. Ndawalembera kuti azitsegula. Nkhani ya chitseko imatha ndi kutsegula chitseko, siifuna kugulitsa galimoto.

Zinsinsi zakozo usunge. Munthu akakhala ndi mfundo amainena.

Mchimwene wako.

17 Febuluwale

Bambo,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti Njati ikulirabe kamodzin'kamodzi. Ndinauza anzanga kuno kuti bambo anga ali ndi galimoto ya zaka makumi atatu ndi zinayi imene ikugwirabe ntchito, sanakhulupirire.

Chinthu chimodzi chokha: poiliza muzitsegula chitseko cha galaja, utsi wa m'chipinda chotseka ndi woipa kwambiri. Koma musasiye kuiliza, ndipo wina asakunyengeni kuti muisinthitse. Ndikutumiza fyuluta ndi mapulagi amene ndachotsa ku ina yofanana nayo isanaphwanyidwe.

Zobwera, mwina chakumapeto kwa chaka. Ntchito yachuluka.

Mwana wanu,
Sipanala.

9 Malichi

Achimwene,

Moni. Ndakuimbirani katatu, foni ikungoitana. Ngati mwandikwiyira kwiyani, koma muziyankha.

Za alamu anu sindiyankhapo, kuopa kulemba mawu oti mawa ndidzachite nawo manyazi. Ndingokuuzani kuti munthu amene mukumunenayo ndi amene amawameta Bambo ndevu Lamlungu lililonse.

Mukufuna kudziwa chimene kalata yanu ya kwa Bambo yachita? Ndinawawerengera ine ndemwe. Nditafika pa mawu oti "musasiye kuiliza" anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Nditabwerera pa zotsegula chitseko anati, "Ameneyo sakuwadziwa amayi ochapa." Tsiku lotsatira anatsegula. Amayi aja anabwera ndi malaya awiri a sukulu a ana a eni, sanakalipe, anangowaonetsa n'kulira. Bambo wanu mumawadziwa, atha kupirira njala koma osati misozi ya munthu wosauka. Mawa lake masaka anabwerera kunsi kwa chitseko. Mwa malamulo anu awiri anasankha limene silivutitsa munthu wina.

Ndinayesa kuba kiyi ali m'bafa. Analowa nayo m'bafamo. Alamu anu anachotsa waya wa batire, Bambo anaupeza ndi manja okha n'kuubwezera, ndipo sanatilankhule masiku atatu.

Phunziro lanu la mapiri ndi sitima ndalimva, mwina n'loona. Sindinaphunzire za zitsulo. Koma inu mukuwerenga utsi wa dziko lonse, ine ndikuwerenga wa chipinda chimodzi cha mamita anayi, muli munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zitatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene, ndipo amene akumva m'mimba kuno ndine.

Kagalimoto katsopano kaiwaleni, sindikukafunanso, ndiziyenda pa basi mpaka ndikalambe. Ingowauzani asiye. Ndipo ngati makalata a Bambo mumawasunga, atulutseni onse muwayale patebulo, muwawerenge ngati munthu amene akufuna kumva. Sindinganene zoposa apa.

Chitsiriza.

12 Epulo

Chitsiriza,

Uli bwanji? Bambo ali bwanji? Palibe amene wandilembera kuyambira Febuluwale, ndiye ndikuona kuti mwagwirizana zondikhalira chete. Ndinasamuka kumene ndinkakhala, nyumba ija anaigulitsa, tsopano ndili m'kachipinda pamwamba pa sitolo ya matayala. Adiresi ili kuseri kwa envulopuyi. Foni yanga inagwera m'chidebe cha oyilo, ndikugwiritsa ntchito ya mnzanga mpaka mwezi uthe.

Mwina ndinalankhula mowawa za alamu. Undipepesere kwa iwo. Koma pa nkhani ya Njati sindinasinthe.

Masiku ano sindikukhazikika. Lachiwiri kunabwera galimoto ya mtundu wa Njati yeniyeni, yobiriwira chimodzimodzi, mpaka chitseko cha dalaivala chofuna kuchinyamula pang'ono kuti chitsekeke. Ndinakhala pa chiwongolero chake nthawi yonse yopuma, chakudya changa sindinachikhudze. Kenako ndinakhetsa oyilo wake ndi manja angawa. Pamene chimakina chinkaitsikira ndinapita kuchimbudzi. Abwana anandifunsa ngati ndadwala, ndinati m'mimba.

Ndimadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Ndikamaphwanya za eni kuno, ndimadziwa kuti kwathu kuli imodzi imene ndinaipulumutsa, ikuyenda m'misewu, Bambo atatulutsa chigongono pa windo. Usandilande chimenecho.

Mapulagi aja anafika? Uwafunse ngati yasiya kugwedezeka pokwera mtunda.

Mchimwene wako.

23 Epulo

Achimwene,

Ndaona kuti kalata yanga ya Malichi sinakupezeni, ili ku nyumba imene munasamukako. Zilibe kanthu tsopano. Ndikulemba ndili pa benchi ya chipatala.

Bambo ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo kuti muthe kuwerenga zotsalazo.

Lachinayi m'mawa amayi ochapa aja anaona kuti injini yalira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Akhala akuimva zaka zonsezi, amadziwa nthawi imene imazima. Anaitana pa mpanda, zii. Anadumpha mpandawo, munthu wamkulu ngati uja, n'kukoka chitseko cha galaja mpaka masaka anang'ambika. Anawapeza Bambo atagwetsa mutu pa chiwongolero. Anawakokera panja okha, kenako n'kukuwa. Kuno anawaika pa mpweya tsiku lonse. Adokotala akuti mphindi zina khumi tikanakhala tikulemberana kalata ina.

Tsopano ndiswa lumbiro langa, andikwiyire akachira.

Bambo saona, achimwene. Ng'ala inagwira maso onse awiri. Amasiyanitsa kuwala ndi mdima, munthu amamudziwa ndi mawu. Zaka ziwiri zapitazo anagunda chipata cha sukulu ana atangodutsa kumene, anabwerera kunyumba, analowetsa Njati m'galaja ndipo sinatulukemonso. Matabwa ndi simenti zimene mukunenazo zinatha kalekale. Matayala awiri anaphwa, yakhala pa njerwa. Galimoto imene mumauza anzanu kuti ikugwira ntchito imangodya petulo amene alamu anu amabwera naye m'chigubu, n'kumusandutsa utsi, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Ndiye inu odziwa kuwerengera, ndiwerengereni: utsi wa galimoto yosapita kulikonse mumaugawa pa makilomita angati?

Anandilumbiritsa chifukwa ankati mukadziwa kuti sayendetsanso mudzati igulitsidwe, ndipo ikagulitsidwa simudzakhalanso ndi chobwerera kuno. Ng'alayo madokotala akuti imachotsedwa, koma Bambo amakana kupita, akuti dalaivala sapita kukalembetsa khungu. Ndi chifukwa chake ndinkafuna kagalimoto kaja, ndinkati mwina ndikawakweza ndekha adzalola.

Makalata amalemba okha, mphuno ili pa pepala, mzere uliwonse akuutsata ndi chala. Ngati mumawasunga, onani nambala ya makilomita imene amalemba kumapeto. Anakuuzani zoona mwezi ndi mwezi, inu simunaone.

Dzulo atatsegula pakamwa, mawu awo oyamba anali ofunsa ngati wina waizimitsa bwino, ndi kuti kiyi ili kuti. Ili m'chikwama changa. Akuti ndiwabwezere akatuluka, chifukwa mwini wake sananene kuti asiye. Ndatopa, ndipo ndikuopa. Ine sandimvera, mawu amene anawamanga ndi anu.

Chitsiriza.

7 Meyi

Bambo,

Chitsiriza akuwerengerani kalatayi, ndipo ndamupempha kuti asadumphe mawu ngakhale amodzi. Musamukwiyire. Wandiuza zonse, ndipo anayenera kutero kalekale, ine ndi amene ndinamutseka pakamwa ndi ukali wanga.

Makalata anu ndimawasunga m'bokosi la nsapato. Ndawayala pabedi onse. Kuyambira Epulo wa zaka ziwiri zapitazo, makalata khumi ndi asanu ndi anayi, nambala ndi imodzi: 412,306. Ine amene munandiphunzitsa kuti makaniko amayamba kuona nambala asanatsegule boneti, ndinkangothamangira pamene mwalemba kuti Njati ili moyo, n'kupinda kalata. Ndinkaona zimene ndinkafuna kuona. Ndachita manyazi, Bambo, ndipo ndalira.

Mawu aja ndinanena pa siteshoni ndinangowanena. Ndinkaona kuti mukufuna kulira, ndinafuna kukupatsani chochita. Ndinkaganiza kuti ndikhala chaka chimodzi. Sindinadziwe kuti ndakumangirirani chingwe m'khosi.

Ndiye ndikunena momveka, mlongo wanga akhale mboni. Siyani kuiliza. Ndakumasulani. Musalowenso m'galajamo.

Zimene ndinalemba zoti galimoto yakale ndi bwino kuisunga ndimazikhulupirirabe, koma zimanena galimoto imene ikuyenda. Ngati pali munthu kumeneko amene angaikonze utsi n'kumaigwiritsa ntchito, mupatseni. Ngati palibe, ipite kwa ophwanya, ine ndikudziwa kuti sizipweteka, chitsulo chake chidzakhala chinthu china. Za kagalimoto katsopano asankhe Chitsiriza ndi alamu, ndi iwo amene akusenza.

Ndipo mupite mukachotse ng'alayo. Ndapempha tchuthi cha Ogasiti, abwana asaina, pepala ndili nalo m'thumba. Sindikubwera kudzaona Njati. Ndikubwera kudzaona inu, ndipo ndikufuna nanunso mudzandione.

Mwana wanu,
Sipanala.

29 Meyi

Mwana wanga,

Zilembo zabwinozi ndi za mlongo wako, ine ndikungonena. Za mabolopeni oterera zija iwala.

Ndili bwino, chifuwa chikuphwa. Kalata yako anandiwerengera kawiri. Ndinakwiya tsiku limodzi ndi theka, kenako njala inandigwira. Mlongo wakoyu ndi wosasunga chinsinsi ngati malemu mayi ake, ndipo walemba zimenezi akuseka.

Amayi ochapa ndinakawathokoza. Ndinawafunsa kuti ndiwapatse chiyani, anati ndiwapatse mpweya wabwino basi.

Njati yapita kwa kalipentala uja wa kumsika, amene ankanyamula zitseko pa njinga. Anabwera ndi makaniko wake, anagona pansi pake masiku anayi, anasintha mapulagi ako aja ndi zina zambiri. Akuti utsi wachepa. Ine sindingauone, koma amayi ochapa anaima pa mpanda n'kuvomereza. Kagalimoto katsopano mlongo wako akuti kadikire, ayambe waona maso anga. Tsiku lochotsa ng'ala atipatsa, ndi pa 16 Julayi. Ndikuopa mpeni, usauze munthu.

Chimene chikundivuta ndi sikisi koloko. Thupi limadzuka lokha, dzanja limapita pakhosi, palibe kanthu. Ndimakhala pa bedi kumvetsera amayi aja akutunga madzi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkati injini ikalira ndiye kuti lero sunaiwale kwanu. Sindinkasunga galimoto, mwana wanga, unali iwe. Tsopano wati Ogasiti. Sindikupatsa lamulo, malamulo atipweteka mokwanira m'nyumba muno. Ndingokuuza kuti ndayamba kuwerenga masiku.

Loweruka ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ndiiperekeze. Kalipentala anayendetsa, ine ndinakhala mbali ya pasenjala koyamba m'moyo wanga. Ndinatsitsa windo, ndinatulutsa chigongono. Amasintha giya mochedwa, koma aphunzira. Titafika ndinavula chingwe chija ndekha n'kumupatsa. Ndinabwerera wapansi, mlongo wako atandigwira dzanja.

Nambala ya makilomita: 412,309. Iyi sindinailembe pamtima ngati zina zija. Wandiwerengera Chitsiriza, chifukwa ine sindiona.

Ndine bambo ako.